Mukagundidwa pa njinga yamoto, chipepeso chimayambira pa mapepala

Ndili ndi envelopu ya khaki imene ndimaisunga pansi pa zovala m'sutikesi. Muli lipoti la apolisi, makalata a dokotala, zithunzi za ekisileyi, ndi timalisiti tambirimbiri, tina inki yake inayamba kale kufufutika. Envelopu imeneyi ndi imene inandipezetsa chipepeso nditagundidwa ndi galimoto ndili pa njinga yamoto. Amene anayamba kusonkhanitsa zonsezi ndi achemwali anga, chifukwa ine ndinali gone pabedi la chipatala, mafupa onse awiri a pansi pa bondo lamanzere atathyoka.

Galimoto yonyamula katundu ya kampani ina inkachokera kutsogolo kwanga, kenaka inangokhota kudutsa mbali yanga kuti ilowe pa geti. Dalaivala atatsika, mawu ake oyamba anali akuti, "Sindinakuoneni, bambo." Mayi wina amene anaima pafupi anawamva mawuwo, ndipo mnyamata amene anandidzutsa anachita nzeru kutenga nambala ya foni ya mayiyo. Patapita miyezi, dalaivala uja anasintha nkhani n'kumati ine ndinkathamanga mopitirira muyeso. Chikhala kuti panalibe mboni imeneyi, akanangokhala mawu anga ndi ake basi.

Choncho ngozi ikachitika, ngati mutu ukugwira, kapena ngati pali mnzanu pafupi, jambulani ndi foni nambala ya galimotoyo, pepala la inshulansi ngati lamatidwa pa galasi lakutsogolo, mmene galimoto ndi njinga zagonera zisanasunthidwe, ndi mikwasa ya matayala pamsewu. Tengani mayina ndi manambala a anthu awiri kapena atatu amene aona. Anthu amaunjikana ambiri pa ngozi, koma pakatha theka la ola onse amabalalika, ndipo simudzawapezanso. Itanani apolisi adzayeze pamalopo. Powauza zimene zachitika, nenani zimene mwaona zokha. Ambirife tinaleredwa kupepesa msanga ngakhale sitinalakwe, koma "pepani, ndalakwa ndine" wonenedwa munthu ali wosokonezeka akhoza kulembedwa n'kudzakutsatani mpaka kukhoti. Chisoti chimene munavala musataye, ngakhale chitasweka. Njinga nayo musaikonzetse isanajambulidwe ndi kuonedwa ndi oyenera.

Kuchipatala pitani tsiku lomwelo, ngakhale mukuona ngati mwangosupuka. Magazi amatha kutuluka pang'onopang'ono mkati mwa mutu, munthu n'kumayenda bwinobwino, n'kudzagwa mawa lake. Komanso pa nkhani ya chipepeso, bala limene dokotala sanalembe limakhala ngati kulibe. Apa ndi pamene ine ndinaphonya. Ululu wa mwendo unali waukulu moti za phewa sindinatchule n'komwe. Phewalo linadzayamba kundivutitsa patatha milungu itatu, pamene ndinayamba kuyendera ndodo, ndipo a inshulansi anakana kuti silikukhudzana ndi ngozi, poti pa pepala la tsiku loyamba silinalembedwe. Mpaka lero mkono wamanja sindiukweza bwino, koma pa chipepeso changa phewa silinawerengeredwe. Muuzeni dokotala paliponse pamene mukumva kupweteka, chizungulire, kuiwalaiwala, kusowa tulo, ngakhale mantha okwera njinga. Mufunseni ngati walemba.

Tsiku lachitatu ndili m'chipatala kunabwera bambo wina wovala bwino, wochokera kwa eni galimoto. Analankhula mwaulemu kwambiri, anabweretsa ndalama m'envelopu ndi pepala loti ndisaine. Ndinali ndi ululu, ndinkaganiza za ana, ndipo dzanja linali litatambasuka kale kulandira cholembera. Achemwali anangoti, "Bambo, zikomo potiyendera. Pepalalo tisiyireni tiliwerenge, koma odwalawa lero sasaina kanthu." Bambo uja anachoka ndi ndalama zake, ndipo ndinawakwiyira achemwali usiku wonse. Pambuyo pake loya atawerenga pepalalo anatiuza kuti linali lonena kuti ndalandira zonse ndipo sindidzafunanso china. Ndalama zinali m'envelopu muja sizikanakwana ngakhale opaleshoni yachiwiri imene ndinadzachitidwa patatha miyezi 14, yochotsa chitsulo chimene chinayamba kutupitsa mwendo.

Pali chinthu chimene chimasokoneza ambiri. Ngozi imodzi imabala milandu iwiri yosiyana. Woyamba ndi wa boma ndi dalaivala, woti anayendetsa mosasamala. Akapezeka wolakwa n'kulipira faindi, ndalamayo imapita ku boma, inu simuonako. Wachiwiri ndi wanu, wofuna chipepeso, ndipo apolisi sadzakuyambitsirani ayi. Muyenera kuuyambitsa nokha. Chigamulo cha mlandu woyamba chimatha kukuthandizani, koma ngakhale dalaivala atapanda kuzengedwa, mlandu wanu ukhoza kuyendabe, chifukwa umboni wofunika pa mlandu wa chipepeso ndi wopepukirapo: mungosonyeza kuti nkhani yanu ndi imene ikuoneka yoona kuposa ya mnzanuyo.

Nanga mukufuna ndalamazo kwa ndani? Kwa dalaivala amene analakwa, kwa abwana ake ngati anali pa ntchito yawo nthawi imeneyo, ndiponso kwa kampani ya inshulansi ya galimotoyo. M'mayiko ambiri lamulo limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshulansi ya third party, imene ntchito yake ndi kulipira anthu ena ovulazidwa ndi galimotoyo. Ngati munali wokwera kumbuyo ndipo wolakwa ndi amene amayendetsa njingayo, mumafuna kwa iye ndi inshulansi yake. Vuto limakula ngati wokugundaniyo wathawa kapena alibe inshulansi. Mayiko ena anakonza thumba lapadera lolipira ogundidwa ndi anthu otere. Ku Britain kuli bungwe la Motor Insurers' Bureau limene linakhazikitsidwa mu 1946, ndipo ku South Africa kuli Road Accident Fund, imene ndalama zake zimachokera pa msonkho wa mafuta a galimoto. Kumene kulibe zotere, mumatsala ndi dalaivala ndi mwini galimoto okha, ndiye loya akuuzeni mosabisa ngati anthuwo ali ndi chuma chimene khoti lingalande. Funsaninso malire a inshulansiyo, chifukwa zambiri zili ndi polekezera, ndipo zotsalazo mumakazifuna kwa mwini galimoto.

Akuluakulu amati mlandu suola. Wa chipepeso wokha umaola, ndipo ndikupempha kuti ichi muchigwiritsitse. Lamulo limaika nthawi imene muyenera kukhala mutakasuma kukhoti, ndipo ikadutsa, ngakhale mutakhala ndi mboni khumi, khomo limatsekeka. Ku England, lamulo la 1980 limapereka zaka zitatu kwa munthu wovulala. Ku California ndi zaka ziwiri zokha. Kwa mwana, m'malo ambiri nthawiyi imayamba kuwerengedwa akakwanitsa zaka 18. Funso lanu loyamba kwa loya likhale loti, "Tsiku lomaliza kusuma ndi liti?" ndipo mulilembe pa chikuto cha envelopu yanu. Kulemberana makalata ndi a inshulansi sikuimitsa nthawi imeneyi. Akhoza kumakuuzani kuti "fayilo yanu tikuiona" mwezi ndi mwezi, zaka n'kumatha.

Loya musankhe nokha. M'mawodi a ovulala mumadutsa anthu onena kuti ali ndi loya wabwino amene atha zonse msanga. Ine sindinawakhulupirire, ndipo sindikulangizani kuwakhulupirira. Mayiko ambiri ali ndi bungwe la maloya kumene mungafunse ngati munthuyo ali ndi chilolezo chogwirira ntchito. Pitani ku ofesi yake, mufunseni ngati anayendetsapo milandu ya ovulala pamsewu, ndipo nkhani ya malipiro muimalize tsiku lomwelo, ilembedwe, inu mutenge kope. M'mayiko ena loya amaloledwa kudzatenga gawo la chipepeso mlandu ukatha, m'mayiko ena sizololedwa. Dziwani gawolo ndi lalikulu bwanji, ndiponso amene adzalipire lipoti la dokotala ndi za kukhoti mlandu ukakanika. Ngati mulibe ndalama, funsani ku ofesi ya boma yothandiza anthu osauka pa milandu, kapena ku sukulu zophunzitsa zamalamulo, zimene zina zimapereka uphungu waulere. Mapepala enieni sungani nokha, loya mumpatse mafotokope, ndipo kalata iliyonse yopita kapena yochokera ku inshulansi muzipempha kope lake.

Chipepeso chili ndi zigawo ziwiri. Choyamba ndi ndalama zimene mwawononga kapena kutaya kale: mankhwala, thiransipoti yopitira ku chipatala, ndodo zoyendera, kukonzetsa njinga, malipiro a miyezi imene simunagwire ntchito. Izi khoti limafuna umboni wa chimodzichimodzi, ndiye apa ndi pamene timalisiti timagwira ntchito. Malisiti a makina amafufutika msanga, choncho ajambuleni tsiku lomwelo. Pamene sapereka lisiti, lembani m'kope tsiku, ndalama, ndi chimene mwalipirira. Achemwali ankalemba m'kope la mwana wa sukulu, ndipo loya analilandira ndi manja awiri. Ngati mumadzilemba ntchito nokha, mabuku a bizinesi kapena mauthenga a ndalama za pa foni ndi amene asonyeze zimene munkapeza musanavulale. Chigawo chachiwiri ndi cha zinthu zopanda lisiti: ululu umene mwaumva, zipsera, kulumala, kulephera kuchita zimene munkachita kale, ndi ndalama zimene simudzathanso kupeza mtsogolo. Izi woweruza amaziyeza poyerekeza ndi milandu ina yofanana nayo, ndipo amadalira kwambiri lipoti lomaliza la dokotala. Ngati munthu wamwalira pa ngoziyo, amene ankadalira thandizo lake, monga mkazi, mwamuna, ana kapena makolo, ali ndi ufulu wofuna chipepeso.

Ena amaopa kusuma poganiza kuti nawonso analakwako. M'mayiko ambiri kulakwako pang'ono kumangochepetsa chipepeso, sikuchithetsa. Khoti lina lalikulu ku England mu 1975, pa mlandu wa Froom ndi Butcher, linagamula kuti wosamanga lamba wa m'galimoto adulidwe 25 pa 100 alionse ngati lambayo akanaletseratu kuvulalako, kapena 15 ngati akanangokuchepetsa. Maganizo omwewo amagwiritsidwa ntchito kwa wokwera njinga wopanda chisoti amene wavulala m'mutu. Ngati simunavale chisoti, kapena laisensi yanu inali itatha, muuzeni loya wanu tsiku loyamba. Akadziwa msanga amakonzeka. Choopsa ndi choti adzazimvere koyamba kukhoti kuchokera kwa loya wa mbali inayo. Pa Facebook napo samalani. Chithunzi chimodzi muli chiimire pa ukwati mukumwetulira chikhoza kutengedwa ngati umboni woti munachira.

Milandu yambiri yotere imathera pa kukambirana, osafika pamaso pa woweruza, ndipo palibe cholakwika. Wanganso unatha choncho. Koma ndalama zoyamba zimene a inshulansi amatchula kawirikawiri zimakhala zotsika, ndipo zimabwera pamene munthu wapanikizika, ngongole zili m'khosi. Ine anandiuza mtengo woyamba ndikadali ndi chikhakha. Loya anandiuza kuti tidikire mpaka dokotala wa mafupa anene kuti mwendo wafika pamene udzakhalire. Ngati mwapanikizika kwambiri, funsani loya ngati n'zotheka kupempha kagawo ka ndalama kongoyembekezera, mlandu usanatsekedwe. Dokotala atalemba kuti bondo silidzapindikanso mokwanira ndiponso kuti sindingathe kuima nthawi yaitali, kukambirana kunasintha, ndipo tinagwirizana patatha pafupifupi zaka ziwiri chichitikire ngozi.

Tsiku lolandira ndalama, pemphani kuona kalata yochokera ku inshulansi yosonyeza ndalama zonse zimene alipira, ndiponso pepala la loya lofotokoza chilichonse chimene wachotsa. Ine ndinakhala pansi ndi achemwali mu ofesi momwemo, tinawerengera mzere ndi mzere ndi kope lija, ndipo tinapeza kuti ndalama ya lipoti la dokotala, imene tinalipira tokha, inachotsedwanso. Mlembi anayang'ana lisiti lathu, anapepesa, n'kukonza pomwepo tisanasaine.