Mwana wanu akayamba kufunidwa ndi matimu

Ine ndimaphunzitsa anyamata mpira kuno ku Mchinji, ndiye makolo anzanga ndimvereni. Yambani ndi mapepala. Kalata yobadwira ikhale ya zaka zake zenizeni, ndipo akakwanitsa zaka 16 akatenge chiphaso cha unzika ku NRB. Zochepetsa zaka zija zimadzamutsata.

Wina akafika pagalimoto n'kumati "ndimutengere ku Chipata, kenako ku Joni," mupatseni mpando ndi madzi akumwa, koma mwana asakwere. Malamulo a FIFA salola wosewera wosakwana zaka 18 kusamukira ku timu yakunja, kupatula pa zifukwa zochepa, monga makolo akasamukira komweko pa nkhani zosakhudza mpira. Ngakhale Tabitha Chawinga anapita ku Sweden mu 2014, chaka chomwe ankakwanitsa zaka 18.

Kontrakiti musasainire pabwalo, ayi. Pitani nayo kunyumba, wina wodziwa Chingerezi akuwerengereni mofatsa. Kwa mwana wosakwana zaka 18 isapitirire zaka zitatu. Funsani kuti akathyoka mwendo alipira chipatala ndani, nanga sukulu azipita nthawi yanji.

Kwa ine, bola azisewera sabata iliyonse mu ligi ya chigawo chapakati kusiyana n'kukakalambira pabenchi ku Lilongwe.