Nyama Yakuthengo Ikakodwa mu Msampha: Mmene Mungapewere Chiwewe

Nyama yokodwa mu msampha imaluma, kaya ikudwala kaya ili bwino, ndipo ndi maso okha simungadziwe ngati ili ndi chiwewe. Ambiri amayembekezera kuona dovu kukamwa ndi ukali, pamene nkhandwe yodwala ikhoza kungokhala phee pakona, miyendo yakumbuyo italefuka, osaopa munthu n'komwe. Yofatsayo ndi imene imanyenga munthu kuti atambasule dzanja. Choncho nyama iliyonse yoyamwitsa muitenge ngati ili nawo matendawa. Mbalame ndi njoka sizidwala chiwewe.

Kachilombo ka chiwewe kamakhala m'malovu ndi muubongo. Kamalowa m'thupi polumidwa, pokandidwa, pakhungu long'ambika, ngakhalenso m'maso, m'mphuno ndi m'kamwa. Musanayandikire, valani magolovesi achikopa chokhuthala okwirira mpaka m'chigongono, mkati mwake muli ena apulasitiki, chifukwa chikopa chimamwa malovu. Onjezerani magalasi oteteza maso, malaya aatali manja ndi majombo. Dziwani kuti mano a nyama yaikulu amaboola chikopa, ndiye magolovesi asakulimbitseni mtima. Ana, agalu ndi amphaka akhale kutali.

Ngati msamphawo ndi wa khola la waya, yandikirani pang'onopang'ono mutanyamula bulangete lakale kutsogolo kwanu, n'kulifunditsa pa khola lonse. Mumdima nyama imafatsa, komanso malovu sakuthovukirani. Onani ngati chitseko chatsekeka bwino, ndipo chimangeni ndi waya pogwiritsa ntchito pulayala. Apa ndi pamene ambiri amalumidwa: amalowetsa zala m'mipata ya waya kuti anyamule. Gwirani pachogwirira chapamwamba chokha, khola litalikirane ndi miyendo yanu. Pagalimoto liikeni kumbuyo, pa pepala lapulasitiki, osati pokhala anthu.

Nyama yokodwa mu khwekhwe ndi yoopsa koposa, chifukwa imatha kudumpha mpaka pamene chingwe chathera. Imeneyo musayese kuimasula ndi manja. Itanani a zanyama zakuthengo kapena dokotala wa ziweto, amene ali ndi ndodo yokolera pakhosi ndi mankhwala ogonetsa.

Mleme umafuna chisamaliro chapadera. Mano ake ndi aang'ono kwambiri moti bala silioneka nthawi zina. Dikirani utere, uvundikireni ndi chitini kapena bokosi, lowetsani katoni pansi pake, matani ndi tepi, n'kuboola timabowo ta mpweya. Mukaupeza m'chipinda momwe munagona munthu kapena muli mwana wamng'ono, musautulutse musanafunse azaumoyo.

Nyama yomwe yaluma munthu kapena chiweto isamasulidwe. Masiku 10 osunga nyama yomwe yaluma munthu n'kumaiona ngati idwale ndi a agalu ndi amphaka, sagwira ntchito pa zakuthengo. Chiwewe amachitsimikiza poyeza ubongo, choncho ikaphedwa mutu usaphwanyidwe. Mtembo muukulunge m'matumba awiri apulasitiki, muusunge pozizira koma osauumitsa ndi ayezi, kutali ndi chakudya. Osaisenda, osaidya. Khola litsukeni ndi gawo limodzi la bulichi m'magawo 9 a madzi, lisiyeni mphindi 10, kenako liyanikeni padzuwa, poti kachilomboka sikapirira kuuma.

Mukalumidwa kapena kukandidwa, siyani zonse. Tsukani bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu, muziona pa wotchi, chifukwa ambiri amasiya pakangotha mphindi ziwiri. Pakani ayodini kapena sipiriti, osamanga bala mothina, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Malovu akalowa m'maso, tsukani ndi madzi okha. Katemera amabayidwa kangapo, kuyambira tsiku loyambalo, kenako pakatha masiku 3 ndi 7, ndipo ndondomeko zina zimaonjezera wina pakati pa masiku 14 ndi 28. Bala lotuluka magazi kapena la mleme limafunanso immunoglobulin, mankhwala olimbana ndi kachilomboka obayidwa pabala penipeni. Musadikire zizindikiro: zimatenga miyezi iwiri kapena itatu kawirikawiri, ndipo zikayamba, pafupifupi aliyense amamwalira.

Amene ntchito yake ndi yotchera nyama abayitse katemera zisanachitike, pa tsiku loyamba ndi pakatha masiku 7. Akalumidwa amatsukabe bala n'kulandira katemera wina kawiri, koma immunoglobulin safunikanso.