Poyambira mukapatsidwa ntchito yoyang'anira anthu odzipereka

Mwafunsa kuti muyambire pati, popeza mwangolembedwa ntchito yoyang'anira anthu odzipereka pa utumiki wa mpingo wothandiza ana ndi okalamba ku Ndirande.

Sabata yoyamba musasinthe kalikonse. Lawirirani m'mamawa, mukhale ndi amayi ophika phala la ana, muwathandize kusonkha moto, muzimva zomwe akudandaula. Ena atumikira zaka zambiri inu musanabwere, ndipo amadziwa khomo lililonse la agogo odwala, ngakhale lomwe lili kuseri kwa ngalande.

Kenako gulani kope. Lembani dzina la aliyense, nambala ya foni, komwe amakhala ndi masiku omwe angapezeke. M'tauni anthu amadalira ganyu ndi geni, choncho mayi wogulitsa tomato pamsika musamuike Loweruka m'mawa.

Chachitatu, khalani pansi ndi abusa mugwirizane za ndalama ya minibasi ndi mayunitsi, ndipo muzilembe. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe pamabuka mikangano yambiri: wina analonjezedwa, wina analandira, wina sanamve n'komwe. Uzani onse pamodzi, pamsonkhano umodzi.

Kadzionetseni kwa mfumu ya deralo komanso ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu.

Aliyense wogwira ntchito ndi ana asainire malamulo oteteza ana. Munthu wamkulu asamatsale yekha ndi mwana m'chipinda, ndipo nambala yaulere ya 116, yomwe anthu amaimbapo mwana akachitiridwa nkhanza, muimate pakhoma.

Pomaliza tsegulani gulu la WhatsApp la ndandanda ya ntchito. Amene ali ndi kafoni ka mabatani muziwaimbira.