Mmene mungadziwire kuti nyamakazi ya m'bondo yafika patali

Nsonga za mafupa a m'bondo zinakutidwa ndi chicherewecherewe chosalala. Chikayamba kupyapyala n'kumatha, ndiye nyamakazi imeneyo, ndipo chikatha sichimeranso. Imakonda anthu opitirira zaka 45, makamaka amayi, onenepa, ndi amene anavulalapo bondo. Ambiri amaweruza kukula kwa matendawa ndi ululu wa lero, koma ululu umakwera ndi kutsika malinga ndi ntchito ya dzulo. Chofunika kuyang'ana ndi ntchito zimene bondo lakuletsani.

Ikangoyamba, bondo limapweteka mukalitopetsa, monga kupalira tsiku lonse kapena kutsika phiri mutasenza nkhuni, koma mukapuma limaleka. M'mawa limauma kwa nthawi yosafika mphindi 30. Kulira kwa bondo popinda, ngati palibe ululu kapena kutupa, kusakuopseni.

Ikakula, mumayamba kuzemba zinthu mosadziwa. Kunjuta kuchimbudzi kumafuna pogwira. Mayi amene ankagwada popereka moni kwa apongozi tsopano amangowerama. Kudzuka pamphasa kumafuna khoma kapena dzanja la mdzukulu. Sankhani mtunda umodzi wodziwika, monga kuchokera pakhomo kukafika pachitsime kapena kuchigayo, ndipo muziwerenga kuti mwapuma kangati panjira.

Pali zina zoyesa pakhomo, kamodzi pamwezi, n'kumalemba m'kabuku. Gonani chagada pamphasa, wongolani mwendo mpaka pomwe mungathe, wina alowetse dzanja kunsi kwa bondo. Bondo labwino limatsika n'kupanikiza dzanjalo. Ngati chibakera chikulowa momasuka, bondo layamba kukhalira lopinda, ndipo lopinda chotere limatopetsa ntchafu pa phazi lililonse limene mukuponya. Kenako tengani chingwe muyeze kuzungulira ntchafu, masentimita 10 pamwamba pa kafupa kozungulira ka kutsogolo kwa bondo, miyendo yonse iwiri pamalo ofanana. Ntchafu ya mbali yodwala ikachepa, ndiye kuti minofu yogwira bondo ikufota chifukwa mukuunyengerera mwendowo. Izi n'zodetsa nkhawa kwambiri, pakuti minofu ikafooka bondo limagwedera, ululu n'kuwonjezeka. Koma ndi mbali imene mungathe kuibweza ndi masewera olimbitsa ntchafu, ngakhale kupalasa njinga pamalo athyathyathya chishalo chitakwezedwa.

Yesaninso ndi mpando wolimba wopanda mogwirira, wotalika pafupifupi masentimita 43, woyedzamira kukhoma. Pingasani manja pachifuwa, muimirire ndi kukhalanso kwa masekondi 30, wina ali pambali kuti musagwe. Kwa a zaka 60 mpaka 64, kusafika ka 12 kwa amayi kapena ka 14 kwa abambo kumasonyeza kuti miyendo yafooka. Mukatha, imani mutagundanitsa akakolo. Nyamakazi imadya kwambiri mbali ya mkati ya bondo, choncho mwendo umakhota ngati uta, mpata wa pakati pa mawondo n'kumakula. Munthu amene anakula ndi miyendo yowongoka koma wayamba matewe atakalamba, matenda ake apita patali.

Zizindikiro zoti yafika poipa ndi izi: ululu ukukudzutsani usiku, bondo likupweteka ngakhale mutangokhala, likuphwasuka mwadzidzidzi mukuyenda, kapena simungachoke pakhomo osamwa mapiritsi. Apa ndi pamene ambiri amadzipweteka. Brufen, Diclofenac ndi Indocid akamamwedwa tsiku ndi tsiku amachititsa zilonda za m'mimba, amawononga impso ndi kukweza BP, makamaka kwa okalamba. Musamwe awiri mwa amenewa nthawi imodzi. Chimbudzi chikada bii, lekani kumwa ndipo thamangirani kuchipatala. Ndodo muziigwira ku dzanja la mbali yabwino, osati ya bondo lodwala, kuti ilandire kulemera pamene mwendo wodwala ukuponda.

Yambirani kukiliniki yanu mutatenga kabuku kaja, kuti ngati pafunika akulembereni kalata ya ku chipatala chachikulu monga Chipata Central Hospital kapena St Francis ku Katete. Pojambula X-ray ya nyamakazi, chithunzi chabwino ndi chojambula mutaimirira. Mukagona, mafupa amatalikirana pang'ono, mpata n'kuoneka waukulu kuposa mmene ulili. Madokotala ambiri amagwiritsa ntchito muyezo wa Kellgren ndi Lawrence wa 1957, wochokera pa 0 mpaka 4. Pa 2 m'mphepete mwa fupa mumaoneka timinyanga, pa 3 mpata wa pakati pa mafupa wachepa moonekeratu, pa 4 watsala pang'ono kutheratu ndipo nsonga za mafupa zapunduka. Komabe chithunzi sichigwirizana nthawi zonse ndi mmene munthu akumvera. Wina wa pa 4 amalimabe, wina wa pa 2 sagona. N'chifukwa chake dokotala amafunsa za mtunda, tulo ndi mankhwala asanalankhule za opaleshoni yoika bondo lochita kupanga, imene imaganiziridwa njira zina zikalephera.

Si bondo lotupa lililonse limene lili ndi nyamakazi ya ukalamba. Likatupa msanga, likutentha mukaligwira, thupi likutenthanso, ndipo simungalipinde kapena kuliponda, mwina mwalowa tizilombo, ndipo mafinya amawononga bondo m'masiku ochepa. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Kutupa kwa pang'onopang'ono kwa bondo limodzi pamodzi ndi kuwonda ndi thukuta la usiku kungakhale TB ya m'mafupa. Kuuma kwa m'mawa kopitirira ola, zala ndi mfundo za manja zikutupanso, ndi mtundu wina wa nyamakazi wofuna mankhwala akeake. Ndipo chonde, bondo lotupa musalitemere mphini, chifukwa mabala amenewo amatsegulira tizilombo njira.