Momwe mungasinthire mneni wa Chisipanishi ponena zomwe zinkachitika kale

Pa nthawi zonse za mneni m'Chisipanishi, imene amaitcha pretérito imperfecto ndiyo yosazunguza mutu, makamaka kwa ife olankhula Chichewa. Ntchito yake ndi yomwe -nka- amagwira mu "ndinkadya" kapena "tinkakhala": zinthu zomwe zinkachitika mobwerezabwereza, kapena zomwe zinali mkati pomwe china chinachitika.

Yambani ndi kuona mapeto a mneni monga walembedwera m'dikishonale. Aneni onse amathera ndi -ar, -er kapena -ir. Dulani zilembo ziwirizo, chotsalacho ndi tsinde. Hablar, kulankhula, atsala habl-. Comer, kudya, atsala com-.

Ngati mneniyo ndi wa -ar, lumikizani mapeto awa ku tsinde:

yo hablaba (ndinkalankhula)
tú hablabas (unkalankhula)
él, ella hablaba (ankalankhula)
nosotros hablábamos (tinkalankhula)
vosotros hablabais (munkalankhula)
ellos, ellas hablaban (iwo ankalankhula)

Apa kachizindikiro ka pamwamba kali pa hablábamos pokha, ndipo si kokongoletsa ayi. Kakukuuzani pomwe mawu atsindike: ha-BLÁ-ba-mos.

Aneni a -er ndi -ir amagawana mapeto amodzimodzi, kotero muloweza kamodzi basi: comía, comías, comía, comíamos, comíais, comían. Vivir, kukhala, nayenso ndi vivía, vivías mpaka vivían. Kuno í aliyense ali ndi kachizindikiro, chifukwa i ndi a amatchulidwa padera, co-mí-a. Abale a ku Tete ndi ku Niassa omwe anaphunzira Chipwitikizi aona kuti falava ndi comia sizili patali ndi zimenezi.

Mwaona kuti yo ndi él akufanana? Hablaba payekha sakuuza munthu ngati wolankhulayo ndi ine kapena iye. Nthawi zambiri olankhula Chisipanishi amasiya alowam'malo, koma pano, ngati nkhani siikumveka bwino, nenani yo kapena ella. Za vosotros musade nazo nkhawa kwambiri ngati anzanu olankhula nawo ndi a ku Mexico kapena Colombia. Vosotros amagwiritsidwa ntchito ku Spain, pomwe ku Latin America amati ustedes hablaban.

Chokoma china n'chakuti aneni omwe tsinde lawo limasintha m'nthawi yatsopano, kuno amakhala phee. Pensar amapereka pienso, koma m'nthawi ino ndi pensaba. Dormir ndi dormía. Osamvera lamulo ndi atatu okha m'chilankhulo chonsechi: ser amakhala era, ir amakhala iba, ver amakhala veía. Amenewa ingolowezani.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi posankha pakati pa nthawi iyi ndi inzake yonena zomwe zinachitika kamodzi n'kutha. Yesani chiganizocho m'Chichewa kaye. Mukanena "ndinadya", ndi comí. Mukanena "ndinkadya", ndi comía. Kenako ziikeni pamodzi: Cuando llegué, mi madre cocinaba, kutanthauza kuti pomwe ndinafika, amayi ankaphika.