Mneni wa Chitchainizi musamuloweze ali yekha

Ndinkagwira ntchito m'sitolo ya zomangira kuno ku Chipata, ndipo abwana anga anali Mtchaina. Tsiku lina makiyi a kosungira simenti anasowa. Nditawapeza pansi pa matumba ndinathamanga kukawauza kuti, "Wǒ zhǎo le." Anandiyang'ana n'kufunsa, "Zhǎodào le ma?" Ine ndinali nditangonena kuti ndafunafuna, pomwe iwo ankafuna kumva ngati ndapeza.

Kuchokera tsiku limenelo ndinasintha kaphunziridwe. Mneni wa Chitchainizi sasintha maonekedwe ngati wathu, kuti ndapita, tidzapita, akanapita. Amakhala chimodzimodzi. Koma tanthauzo lake ndi limene limalamula mawu oti akhale naye pafupi ndi malo awo m'chiganizo. Choncho gulani kope, ndipo mneni aliyense watsopano muzimufunsa mafunso musanamulembe, monga amayi amasankhira nshawa asanapite nazo ku msika wa Kapata.

Funso loyamba, limene ine ndimaliona lalikulu: kodi ntchitoyi yafika pamapeto? Aneni ambiri amangonena za kuyesa, osati zotsatira. Zhǎo ndi kufunafuna, mukawonjezera dào ndiye kupeza. Kàn ndi kuyang'ana, kànjiàn ndi kuona. Tīng ndi kumvetsera, tīngdǒng ndi kumva n'kuzindikira. Chī ndi kudya, chīwán ndi kumaliza kudya. Ife tili ndi mwayi, chifukwa mwana wa ku Katete amadziwa kale kuti kuyang'ana si kuona. Lembani aneni otere awiriawiri. Ndipo onani ubwino wake: mukaika bu, kamawu kokanira, pakati, zhǎo bu dào, mwanena kuti ndikulephera kupeza. Tīng bu dǒng, sindikumva, ndi mawu amene anandipulumutsa kambirimbiri.

Kenako funsani ngati mneniyo ndi wochita kapena wongonena mmene zinthu zilili. Wochita amalola zài, kusonyeza kuti ntchito ili mkati: wǒ zài chīfàn, ndikudya. Zhīdào, kudziwa, salola zimenezo. Kutopa nako ndi mneni kwa Atchaina monga kwa ife: wǒ hěn lèi, ndatopa, popanda kuikapo shì, kamawu kawo kofanana ndi "ndi" wathu.

Apa ndi pamene bǎ amamvekera. Kamawu aka kamakokera chinthu kutsogolo kwa mneni, koma pokhapokha ngati chinthucho chachitidwa kanthu. Wǒ bǎ mén guānshàng le, chitseko chija ndatseka. Tā bǎ bēizi dǎpò le, kapu ija waswa. Chitseko chatsekeka, kapu yasweka, pali chosintha. Kukonda munthu sikumusuntha pamalo, ndiye xǐhuan, kukonda, sayenda ndi bǎ. Ine ndinataya miyezi ndikuloweza lamuloli ngati nyimbo, osadziwa kuti yankho lili m'tanthauzo la mneni. Poyeserera, gwiritsani zinthu za m'nyumba mwanu: tsekani zenera, ikani ndowa pansi, muzinena mokweza chimene mwachita.

Samalaninso ndi aneni amene anameza kale dzina. Jiànmiàn ndi jiàn, kuona, ndi miàn, nkhope. Malo a pamtherankhani, chimene ntchito ya mneni imagwera, ndi odzaza kale, simungaikenso munthu pambuyo pake. Mumati wǒ gēn tā jiànmiàn, monga ifenso timati kukumana ndi munthu, osati kukumana munthu.

Chimene chinandisangalatsa koposa ndi aneni a kufika ndi kuonekera. Kèrén lái le ndi alendo aja abwera, amene mumawayembekezera. Lái kèrén le ndi kwabwera alendo, ongotulukira. Nditawafotokozera agogo anga ku Mwami kuti Atchaina nawo amatembenuza chiganizo chotere, anaseka n'kunena kuti, "Ndiye ukuvutikiranji, mdzukulu wanga?" M'kope mwanga tsamba limenelo ndinalemba Chichewa kumanzere, Chitchainizi kumanja, ndipo mizere yake inagwirizana.