Musanasiye kubweza ngongole ya credit card ku Joni

Abale amene muli ku South Africa, ngati ngongole ya credit card yakukulirani, musangozimitsa foni nkukhala chete. Chiwongoladzanja chimapitirirabe, ndipo dzina lanu limakafika ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole za anthu, ngati TransUnion ndi Experian. Mawa mukafuna nyumba ya lendi kapena foni ya kontrakiti, adzakukanani.

Lamulo la National Credit Act la 2005 limati banki isanakusumireni iyenera kukutumizirani kalata ya section 129, yokudziwitsani kuti mwatsalira pobweza ngongole. Kalata imeneyi musaiponye pansi pa matiresi! Ikangofika, thamangirani kwa debt counsellor (mlangizi wa za ngongole) wolembetsedwa ku National Credit Regulator, bungwe la boma loyang'anira za ngongole, ndipo muone nambala yake yolembetsera, chifukwa akathyali ndi ambiri. Iyeyu amakambirana ndi onse amene munawakongola kuti muzipereka pang'onopang'ono mwezi uliwonse. Koma dziwani kuti mukalowa m'dongosolo limeneli, lotchedwa debt review, simungatengenso ngongole ina mpaka atakupatsani satifiketi yoti mwamaliza. Mukachedwa masamoni nkutuluka, ngongole imeneyo singalowenso m'dongosololi. Khoti likagamula, chigamulocho chimakhala pa mbiri yanu mpaka zaka 5, ndipo akhoza kumadula ndalama pa malipiro anu.

Ena amati ingobisalani zaka 3, ngongole ifa yokha. Zoona, lamulo lilipo, koma limagwira pokhapokha ngati simunalipireko, simunavomere ngongoleyo, ndipo masamoni sanakupezeni. Banki nthawi zambiri siigona choncho.

Ndalama ikachepa, yambani ndi lendi ndi chakudya. Kenako imbirani banki, nenani zomwe mungakwanitse, ndipo zomwe mwagwirizana akulembereni pa imelo.